Upita ku Liwaladzi Wopanda Nkhuku

Asiyatu mwana wanga,

Pamsonkhano wa mwezi watha uja, alangizi a ziweto anaimirira pabwalo la sukulu n'kulengeza kuti nkhuku zonse za m'dera lino zalandira katemera, choncho chaka chino chitopa sichipha nkhuku ngakhale imodzi. Anabwereza mawuwo kuti amene anakhala kumbuyo amve bwino, ndipo anthu anawomba m'manja. Inenso ndinawomba, poti ndinakhala kutsogolo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndi omwe unandikumbutsa dzulo pamene tinasemphana.

Ndikulemba nditakhala pakhonde pa a Mphande oyandikana nafe nyumba, nditabwerako kumzikiti ku swala ya masana. Kunyumba kwathu kwadzaza azimayi amene akukulangiza, ndipo bambo wa mkwati alibe pokhala, ntchito yake ndi kufunsidwa kumene kuli nkhuni. Mawa nikah ya ukwati wanu ikatha, mwamuna wako Rajabu akutenga kupita nawe kwawo ku Liwaladzi. Kalatayi uipeza m'sutikesi pansi pa zitenje. Uiwerenge ukafika, mkwiyo utatsikako.

Unandipempha msoti wa mawanga kuti upite nawo kukayambira khola lako, monga amachitira mkwati aliyense wa m'banja lathu. Ine ndinakana. Unandiuza za katemera ndi za msonkhano uja, ndinakanabe. Kenako unati, "Ababa, amayi akanakhalapo sakanandimana." Sindinakuyankhe chifukwa panali anthu. Yankho lake ndi lalitali, ndiye undilole ndiliyambire kutali.

Mayi ako anabwera kuchokera ku Kanyenda pa lole ya matumba a mpunga. Sutikesi anaisiya kumbuyo kuti igwedezeke ndi matumbawo, koma dengu la nkhuku analifungatira pamiyendo ulendo wonse, atalifunditsa chitenje chatsopano chimene ndinawagulira ine kuti avale. Munali msoti wa mawanga ngati nkhanga, wa miyendo ifupiifupi, umene agogo ako anawapatsa. Masiku amenewo ndinali kalaliki wa pa sikelo yogulira mpunga, ndipo tinkachita lendi kachipinda kamodzi kuseri kwa msika. Nkhukuyo inkagona nafe, kumapazi. Dzira loyamba mayi ako anandiphikira. Dzira lachiwiri nditalifunsa anandiyang'ana ngati ndapempha mwana. Nkhuku zonse zimene wakulira nazo, zimene unkathamangitsa uli wosavala, zimene tinkazinga pa Idi, zinachokera m'dengu limenelo. Chichokereni mayi ako zaka zinayi zapitazo, ndazisunga ine, ndipo ndikudziwa kuti sukupempha nkhuku chabe. Usaganize kuti bambo ako sanamve.

Koma tamva za chaka chimene unali wakhanda kumbuyo kwa mayi ako. Ukudziwa kuti m'dera lathu lino mpeni ndi wanga. Anzathu a ku tchalitchi akafuna kuti tidyere limodzi paukwati kapena pamaliro, nkhuku amabweretsa kwa ine kuti ndizinge mwa Chisilamu, ndipo zinali choncho kuyambira nthawi ya agogo ako aamuna. Chaka chimenecho, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, chitopa chinalowa. Nkhuku yofa yokha ife sitidya, anzathuwonso ambiri amanyansidwa nayo, ndiye aliyense akaona yake yayamba kuwodzera ankathamanga nayo kwathu isanatsirizike. Anthu ankaima mzere pachipata, nkhuku zili chadodolido m'manja, zina zikutuluka dovu kukamwa. Ine ndinkangoti Bismillah, n'kuzinga pamwala uja wa pafupi ndi khola. Ndinkadziona ngati munthu wofunika kwambiri m'boma lonse. Ena ankasosolera pomwepo, nkhuku zathu zikujompha magazi ndi nthenga. Mayi ako anatuluka nawe kumbuyo n'kunena kuti, "Bambo a Asiyatu, mpeni wanuwo ukuitana matenda a mudzi wonse kuti adzadyere pakhomo pano." Ndinawauza kuti munthu sakaniza mnzake mpeni. Sabata isanathe, khola linali zii. Inapulumuka nkhuku imodzi yokha, imene inkafungatira mazira kutchire kufupi ndi dambo, ndipo inatulukira ndi anapiye zonse zitatha. Mbewu ya mayi ako inadutsira pakampata kakang'ono choncho.

Ndakuuza zimenezi chifukwa Rajabu nayenso ali ndi mpeni, ndipo ndamuona, ndi mwana wosadziwa kukana. Umuuze kuti wozinga ndiye amapita kumene kuli nkhuku. Nkhuku ya eni isalowe pabwalo pako kudzazingidwa, kaya ndi ya mfumu kaya ndi ya shehe. Akabwerako asambe m'manja ndi sopo, atsuke mpeni, ndipo mapatapata amene anapita nawo awatsuke asanayandikire khola. Nthenga ndi matumbo azikwirire komweko. Kunena zoona, nkhuku yodwala siyofunika kuzinga, ikafa ndi yofunika kukwirira m'dzenje lakuya loti galu asafukule. Koma anthu sadzakumvera, poti ndiwo ndi ndiwo. Iwe ungoonetsetsa kuti zisachitikire pakhomo pako. Ukumbukire, mwana wanga, pakhomo pako ayi.

Chinanso ndi nkhuku za mphatso. Kwathu kuno mlendo wolemekezeka sabwerera chimanjamanja, amam'gwirira nkhuku. Ndi mwambo wabwino ndipo ine ndadyerapo. Koma pa zaka zanga zonsezi ndaona kuti anthu amawolowa manja kwambiri mwezi wa Okutobala. Munthu amene chaka chonse sanakupatsepo ngakhale dzira, akangomva kuti khola la mnzake layamba kugwa, amakumbukira kuti uli pachibale naye. Sindikunena kuti onse amachita dala. Ena sadziwa n'komwe kuti nkhuku imatha kuyenda ndi matenda masiku angapo ikuoneka yabwinobwino.

Chaka china tinapita kukaona amalume anga kwa Malengachanzi, ndipo anatipatsa tambala wofiira, wamkulu, wokongola. Titafika, mayi ako anam'mangirira kumtengo wa bwemba kuja kumalire, kutali ndi khola, ndi kachitini kake ka madzi. Ine ndinatsutsa. Ndinati tambala wa amalume sangamangidwe ngati wakuba. Iwo anati akhala kumeneko masabata awiri. Mwatsoka amalumewo anabwera kuboma sabata yomweyo, n'kudutsira kwathu, n'kupeza mphatso yawo ili pachingwe kuthengo. Anamwa tiyi n'kunyamuka, ndipo anatha chaka osaponda pakhomo pathu. Tambalayo sanadwale konse, anakhala zaka, n'kudzafa ndi ukalamba. Ndinkawakumbutsa mayi ako kawirikawiri kuti tinakwiyitsa amalume pachabe. Yankho lawo linali limodzi lokha, lakuti amalume anabwereranso koma nkhuku za chaka cha mpeni sizinabwerere.

Iwenso uzichita chomwecho. Nkhuku iliyonse yachilendo, yogula kumsika, yamphatso, ngakhale yochokera kwa apongozi ako, ikhale payokha masabata awiri. Koma uphunzirepo pa nkhani ya amalume. Mwini wake akafunsa, usanene za matenda. Uziti ukufuna izolowere malo, kapena kuti tambala wako ndi wandewu. Anthu amakhululuka ukawanamiza mwaulemu, koma sakhululuka ukawauza kuti nkhuku yawo ukuikayikira.

Uphunzirenso kumvetsera. Mwina ukukumbuka mayi ako m'mawa uliwonse, asanatsegule khola, ataima chete khutu lili pansungwi. Uli wamng'ono unkati akupatsa nkhuku moni. Ankamvetsera kupuma. Khola labwino m'mawa limakhala ndi phokoso la nkhuku zofuna kutuluka. Ukamva kuyetsemula, kapena kulira kwa m'khosi ngati ketulo yayamba kuwira, udziwe kuti zafika. Ukatsegula, uyang'ane imene yatsalira m'mbuyo, imene yatsitsa mapiko yomwe timati yavala jekete, imene ikupuma kukamwa kuli yasa, ndi zitosi zobiriwira pansi. Imeneyo uichotse nthawi yomweyo, osadikira kuti uone mawa. Ukamadyetsa, uyambe zabwinozo, yodwalayo pomalizira, ndipo usabwererenso kukhola usanasambe. Chomwera madzi chikhale chake chake.

Si chifuwa chilichonse chimene chili chitopa. Pali china chotupitsa nkhope, maso n'kumatika, mamina onunkha. Chimenecho sichipha msanga ndipo zambiri zimachira, koma yochirayo imakhalabe nacho m'thupi n'kumapatsira zinzake. Katemera wa m'maso uja sachiletsa. Ukachiona uitane alangizi, iwo ndi amene amadziwa mankhwala ake. Ndipo ukaona nkhuku zikugwa zambiri tsiku limodzi, uwauze msanga, usachite manyazi ngati kuti matenda a nkhuku ndi mlandu wa m'banja.

Za mankhwala a kumudzi, ndikuuze pamaso pa a Mphande omwe ali apa akusoka ukonde ndipo sakudziwa kuti ndikuwalemba. Munthu uyu wayesa zonse. Tsabola wosinja m'madzi, madzi a alovera, phulusa, makapisozi a kugolosale, mpaka chaka china anathira kachasu m'kamwa mwa thadzi, ati litenthedwe m'chifuwa. Linafa likuoneka losangalala. Nthawi zonse pakapulumuka nkhuku imodzi, amati ndi mankhwala amene anapereka pomalizira. Inenso ndinagulapo makapisozi, mayi ako asakudziwa, n'kumatsegulira m'madzi kwa sabata. Chitopa chilibe mankhwala, Asiyatu. Yodwala uipatse mthunzi, madzi oyera ndi gaga wonyowetsa, ndipo ngati ili yoti ichira ichira. Chimene chimathandiza ndi katemera, ndipo katemera ndi wa nkhuku zamoyo bwino, zisanayambe kudwala. Kuthamangira katemera khola litayamba kale kutsokomola ndi kungovutitsa wokatemerayo. Amabwera katatu pa chaka. Uzifunsa tsiku lake, ndipo m'mawa wa tsikulo usatsegule khola ngakhale nkhuku zilire bwanji.

Apa ndiye pali nkhani ya msonkhano uja. Ukukumbuka tsiku la katemera chaka chino? Mayi uja wa katemera anafika panjinga dzuwa litakwera, kabotolo atakakulunga m'kansalu konyowa. Za m'khola zonse tinazigwira, dontho m'diso, dontho m'diso. Koma msoti wa mawanga sugona m'khola. Chiyambire umagona mumtengo wa mango, ngati mmene ankachitira agogo ake. Tinauthamangitsa kuzungulira nyumba, iwe ukuseka mpaka kugwira m'mimba, ine kanzu, mkanjo wanga uja, ili m'manja, mpaka unalowa m'munda wa chinangwa wa a Mphande. Mayi uja anali ndi makomo ambiri oti ayende, ndipo katemera safuna kutenthedwa. Atafunsa kuti, "Zatha zonse, bambo?" ine ndinati zatha. Kuno munthu akakuyendera panjinga dzuwa lonselo, kumuuza kuti ntchito yake yatsala ndi mwano. A Mphande anayankhanso chimodzimodzi, nkhuku zawo zitatu zili padenga zikumuyang'ana. Khomo lililonse linati zonse, ndipo alangizi anangolengeza zimene tinawauza. Sananame iwo. Iwe ukadzafunsidwa funso limenelo, udzanene kuti yatsala imodzi, ndipo udzapemphe kuti adzadutsenso.

Tsopano za sabata ino, zimene sindikanatha kunena dzulo pagulu. Loweruka abale anayamba kufika ndi nkhuku za ukwati wako. Ine ndinali kuboma kukaona za mpunga ndi mahema. Pobwera ndinapeza azimanga zonse pansi pa nkhokwe, pafupi ndi khola, poti ndi pamene pali mthunzi, ndipo zikumwera m'phale limodzi ndi zathu. Panali tambala woyera amene azakhali ako anabwera naye pa minibasi kuchokera ku Dwangwa. Ndisanafike n'komwe pafupi ndinamumva akupuma. Azakhali ako anati ndi kutopa kwa ulendo ndi fumbi la pamsewu. Ndinazisamutsa zonse kupita kumtengo wa bwemba, phale ndinaliswa, koma zinali zitakhalira limodzi tsiku lathunthu. Tambalayo sanafike Lolemba. Ndinam'kwirira ine mwakachetechete, ndipo azakhali ako akuganiza kuti anadyedwa ndi alendo oyamba. Ndiye chifukwa chake mawa anthu adya mbuzi ndi chambo, osati kuti bambo ako alemera mwadzidzidzi.

Lachitatu m'mawa ndinaima pakhola monga ankachitira mayi ako. Zolandira katemera zija zinali phokoso lokhalokha, kupatula mathadzi awiri amene ankaoneka ozizidwa. Koma msoti wa mawanga sunatsike mumtengo nthawi yake. Utatsika unaima pamalo amodzi, ndipo nkhuku imene inatilepheretsa anthu awiri ndinaigwira ndi dzanja limodzi. Uli m'khitchini yakale ija, ndatseka ndi loko. Dzulo pamene unkaupempha, unali m'menemo. Ndikanati ndinene, azakhali ako akanachita manyazi pamaso pa apongozi, ndipo theka la alendo likanayamba kununkhiza ndiwo. Ndinasankha kuti undikwiyire iwe, chifukwa iwe ndi wanga, ukwiya n'kusiya.

Mwina uti bwanji osakupatsa ina mwa zolandira katemera. Ndinaganizapo. Koma zonsezo zamwera m'phale lija, ndipo nkhuku yotemeredwa imatha kusadwala yokha koma n'kunyamulira zinzake. Apongozi ako ndinawaonera khola lawo pamene tinapita kukadziwana. Ali ndi nkhuku zambiri, mathadzi onenepa, ndi abakha omwe, ndipo ndinaona mmene amaziyang'anira pamene tinkacheza, diso limodzi kwa alendo lina kukhola. Mayi ameneyo anaphunzitsa Rajabu ndi nkhuku zimenezo bambo ake atamwalira. Sindikudziwa ngati zinalandira katemera, ndipo ndikawafunsa ayankha kuti zonse.

Mkwati wofika wopanda nkhuku amanenedwa sabata imodzi, kenako anthu amapeza nkhani ina. Koma uganizire mayi aja a kumtunda kwa mzikiti, amene aliyense amawatchula kuti a Nachitopa. Ukudziwa dzina lawo lenileni? Inenso ndinaliiwala. Anabwera kudzakwatiwa kuno ine ndili mnyamata, ali ndi dengu lawo, ndipo mwezi umenewo makola a mbali yonseyo anatha. Mwina sinali nkhuku yawo n'komwe, poti inali nyengo yake. Anabereka ana asanu ndi mmodzi, anasamalira apongozi awo mpaka kuwaika m'manda, pano ali ndi zidzukulu za ku sekondale, koma dzina ndi lomwelo. Sindinakulere kuti ukatchulidwe dzina la matenda a nkhuku ku Liwaladzi.

Ndiye mawa usapite kukhola kukatsanzika, ngakhale ndikudziwa kuti ufuna. Ngati wapitako, mapatapata amenewo uwasiye kuno. Dengu la mayi ako lija usalitenge, lagonamo nkhuku sabata ino. Ndidzalitsuka, ndidzaliyanika padzuwa, lidzakupeza. Ndipo akakufunsa kuti nkhuku ya mkwati ili kuti, uwauze kuti bambo ako ndi oumira. Akhulupirira msanga, poti amalume ake a Rajabu anandiona kale pokambirana za ukwati.

Ukakhazikika, usafulumire kukonza khola la apongozi ako ndi nzeru za m'kalata ino. Mtengwa wa sabata imodzi saphunzitsa mwini mudzi kuweta nkhuku. Uyambe ndi kusesa m'khola, kuthira phulusa, kusintha madzi, ntchito zimene palibe amene amakanganirana. Tsiku la katemera udzipereke kugwira nkhuku, ndipo uyambe ndi zogona m'mitengo, uzigwire madzulo ake zikangokwera. Akadzaona kuti m'manja mwako nkhuku sizifa, adzakufunsa okha.

Sindikulonjeza zambiri. Zikapulumuka zina, ndidzadikira mvula igwe, matenda azizire, thadzi lina liswe. Ndidzasankha msoti wa mawanga, ndidzaonetsetsa kuti dontho lalowa m'diso ine ndikuona, ndipo ndidzabwera nawo ndekha, dengu lili pamiyendo. Ukadzaulandira, udzaumangirire kutali masabata awiri, ngakhale wachokera kwa ine. Ndikadzakwiya, udzandipatse tiyi.

Unati mayi ako sakanakumana nkhuku. Mwana wanga, ndinakhala nawo zaka zambiri kuposa iwe. Akanakumana, ndipo akanalira kuseri kwa nyumba iwe osawaona, kenako akanabwera kudzakukalipira kuti sunapinde bwino zovala. Ine kulira sindidziwa bwino, ndiye ndalemba.

Allah akusunge iwe ndi mwamuna wako, akupatseni nyumba ya mtendere. Uzindiimbira Lachisanu ndikabwerako kumzikiti.

Ndine bambo ako.

Ndabwera kunyumba kudzafuna envulopu, n'kudutsira kukhitchini yakale. Msoti wa mawanga wafa. Ndaukwirira kuseri kwa nthochi.